Odi wa pa Lamya

Olemekezeka a Bwanamkubwa a boma lino la Dowa. Olemekezeka a Tcheyamani a Chipani m'boma lino pamodzi ndi komiti yanu. Olemekezeka a Phungu a dera lino ku Nyumba ya Malamulo. Abusa ndi akulu a mpingo amene mwakhala kumanja kwangaku. A Gogo Chalo ndi mafumu onse amene mwatsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. A Dokotala aakulu a chipatala chino cha Mwalawanjiwa. Atsogoleri a amayi amene mwatilandira ndi nyimbo kuyambira pamphambano paja. Anamwino, azamba ndi onse ogwira ntchito m'zipatala zathu zisanu ndi ziwiri. Amayi ndi abambo nonse, ndikupereka moni wa ulemu kwa aliyense wa inu. Ndikudziwa kuti mwasiya fodya m'zigafa ndi mtedza m'minda kuti mudzakhale padzuwa pano, ndipo zimenezo sindikuzitenga mopepuka.

Achinyamata ambiri pano simukundidziwa, choncho ndidzitchule. Ine ndine Elifala Chikakuda. Ndinagwira ntchito yothandiza madokotala pachipatala chino zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mu 1981 ndinapuma n'kubwerera kwathu ku Msakambewa, kumene ntchito yanga yaikulu masiku ano ndi kukangana ndi mbuzi za anansi anga. Kalata yondiitana kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka itafika, ndinaiwerenga kawiri, kenaka ndinaitembenuza kuti ndione ngati siinasochere. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma amene munagwirapo nane ntchito mukudziwa kuti ine ndi mame a mtundu wina, ofika mpaka masana. Ndikuona ena mwayamba kale kuseka. Lero ndiyesetsa, ndipo chifukwa chake muchimva ndisanakhale pansi.

Choyamba ndithokoze. Ndithokoze boma lathu chifukwa cha mtendere ndi bata zimene zikutilola kumanga zinthu zotere osaopa kuti mawa wina adzazigwetsa. Ndithokoze mpingo, umene unayamba kutsuka zilonda m'mapiri muno pamene ambiri a ife tinali tisanavale nsapato. Ndithokoze abale athu akunja amene atipatsa zipangizozi. Ndipo ndithokoze kwambiri inu anthu a m'midzi yozungulira, amene munaumba njerwa, munatuta mchenga kudambo, ndi inu amayi amene munasenza madzi kukwera chitunda ichi mpaka chipinda chija chinaima. Tiwaombere m'manja amenewa.

Chimene tasonkhanira lero, m'chaka chino cha 1987, ndi kutsegulira chipinda cha wayilesi zolankhulirana. Kuyambira mawa, zipatala zathu zonse zisanu ndi ziwiri zidzatha kukhala pamsonkhano umodzi m'mawa uliwonse, aliyense ali pampando wake, wina kuseri kwa phiri, wina kutsidya kwa mtsinje. Akatswiri andionetsa magalasi amene aika padenga, akuti amakoka mphamvu kudzuwa. Ine ndavomera ndi mutu ngati ndamvetsa, koma kunena zoona, mumtima ndimangoti: ha, Petulo akanakhala moyo!

Petulo ameneyu ndi ndani? Lolani ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono.

Dziko lathu litangolandira ufulu, zipatala za mpingo m'mapiri muno zinali zisanu zokha, ndipo zinalumikizidwa ndi waya umodzi wa lamya. Waya umodziwo unkachoka pano, n'kudutsa pamitengo ya bulugamu, kutsika m'zigwa, kukwera m'mapiri, mpaka kukathera ku Chigumukire, chipatala chathu chaching'ono chakutali koposa, mamailosi khumi ndi anayi kuchokera pano. Petulo ndiye anali mwini wayayo. Ankayenda wapansi ndi makwerero paphewa, pulayazi m'thumba, chipewa chobooka pamutu. Mphenzi ikaomba, Petulo ulendo. Chiswe chikagwetsa mtengo, Petulo ulendo. Wina akadula waya kuti akatchere nkhanga, Petulo ankafika pamudzipo, kukhala pansi, kupereka moni bwinobwino, kenaka n'kunena kuti, "Nkhangayo idyeni, koma waya wanga ndiupeze pamtengo mawa." Ndipo ankaupezadi.

Lamya yake sinali ngati zimene mumaziona kumaofesi a ku Lilongwe. Linali bokosi lathabwa lokhomedwa pakhoma, chopukusira pambali ngati cha chigayo chamanja. Ukapukusa, mabelu ankalira m'zipatala zonse zisanu nthawi imodzi. Choncho chipatala chilichonse chinali ndi kaliridwe kake. Kuno kunali kulira kumodzi kotalika. Ku Kamtsitsi kuwiri kofupika. Ku Chigumukire kotalika kumodzi, kofupika kutatu. Lamulo linali lakuti belu likalira la mnzako, iwe usanyamule. Abale anga, lamulo limenelo linasungidwa monga momwe ana amasungira shuga. Ukamalankhula ndi mnzako, unkamva anthu atatu akupuma m'khutu mwako. Akazi awo a Kalebe, bambo amene ankayang'anira chipatala cha Kamtsitsi, tinkawadziwira tambala wawo, chifukwa anali ndi tambala wa mawu osasa. Ukangomva tambala ameneyo pakati pa nkhani yako, unkangoti, "Mwadzuka bwanji, mayi a ku Kamtsitsi?" Ndiye unkamva khoo, lamya yabwezedwa.

Masiku amenewo ndimawasowa, sindibisa. Tinali ochepa, tinali osauka, mankhwala ankatithera, koma waya uja unkatisandutsa banja limodzi. Mwana akabadwa ku Kamtsitsi, mapiri onse ankadziwa dzuwa lisanafike paliwombo. Mnzathu akaferedwa, tinkaimba nyimbo ya m'buku pa lamya, aliyense ali kwake, mawu akutsalirana, koma tinkaimba ndithu.

Lachiwiri lililonse, seveni koloko m'mawa, tinkachita msonkhano wa pa waya. Ine ndinkapukusa kanayi motalika, onse n'kunyamula, ndipo ine ndinali wapampando. Anthu inu, mwambo wochitira msonkhano osaonana maso sitinabadwe nawo. Tinauphunzira mopunthwa. Tangoganizani moni wokha. Anthu asanu, aliyense afunse mnzake aliyense m'mene wadzukira, kenaka ana, kenaka mayi a kunyumba, kenaka mvula. Moni usanathe, mabatire ayamba kale kufooka. A Kalebe aja, munthu wamkulu waulemu wake, belu likalira ankayamba avula chipewa, n'kuimirira chilili ngati kwabwera Abusa. Tsiku lina ndinawafotokozera za katemera, ndinafotokoza, ndinafotokoza, kenaka ndinati, "A Kalebe, mwamva?" Zii. "A Kalebe, mulipo?" Zii. Kachitatu anayankha mokwiya ndithu, amvekere, "Bwana, ndagwedeza kale mutu kawiri konse!"

Sekani, koma inu amene mukagwire wayilesizi mawa, dziwani kuti mutu wanu sukaoneka. Mukavomera, vomerani ndi pakamwa. Mukayamba kulankhula, tchulani dzina lanu ndi kumene muli, chifukwa pa waya mawu amafanana, ndipo ife tinatumizapo mankhwala a malungo kwa munthu amene anapempha mabandeji. Moni perekani, ndife Amalawi, sitingayambe nkhani ngati tikuthamangitsa mbava, koma moni umodzi ukwanire onse. Komanso musadye muli pamsonkhano. Panali mnzathu wina, dzina ndilisunga chifukwa ana ake ndawaona pano, amene ankakonda chimanga chootcha nthawi ya msonkhano. Ife tinkayesa waya wadwala, tinatuma Petulo kuyenda mamailosi asanu ndi atatu kukafuna vuto, osadziwa kuti vuto lili m'kamwa mwa munthu.

Zimenezo ndi zoseketsa, ndipo ndikanatha kuthera pomwepa, inu n'kuomba m'manja, tonse n'kupita kukamwa thobwa. Koma a Dokotala aakulu pondiitana anati ndidzanene za ulemu wa pamsonkhano wa pa waya, ndipo ine sindingaphunzitse ulemu umenewo n'kubisa tsiku limene ndinaulakwira koposa munthu wina aliyense. Ndapempha chilolezo kwa eni nkhaniyi, andilola.

Pamsonkhano wathu tinkalankhula motsata ukulu. Woyamba ine, kenaka a Kalebe, kenaka enawo, wotsiriza wamng'ono pa onse. Mu 1967 ku Chigumukire kunabwera mzamba watsopano, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, wochokera ku Chezi, dzina lake Tabita Nachisale. Anali yekha kumeneko, popanda dokotala, popanda galimoto, iye ndi lamya basi. Ndi amene akhala mumzere wachiwiriwo, avala duku yoyera. Lero ndi mayi wamkulu, ana amene anabadwira m'manja mwawo angadzaze bwalo lino kawiri. Nthawi imeneyo anali wotsiriza pamzere wathu.

Lachiwiri lina chakumayambiriro kwa 1968, ine ndili pakati polankhula, Tabita analowerera kuti afunse za majekeseni amene anamuthera. Ine zinandipsetsa mtima. Ndinamudzudzula pomwepo, pa waya, anthu onse akumva, ngakhale tambala wa ku Kamtsitsi anamva. Ndinati, "Mwana iwe, kwanu ku Chezi sanakuphunzitse kuti akulu akamalankhula mwana amadikira? Nthawi yako idzafika." Iye anangoti, "Pepani, bambo." Ine ndinakhutira, ndinadziona ngati ndakonza mwambo.

Lachiwiri lotsatira linali la mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osalekeza. M'mawa umenewo ku Chigumukire kunafika mayi wina dzina lake Roza, pa mimba yake yoyamba. Tabita atamuyeza anapeza kuti mwana wagona mopingasa, ndipo panalibe chimene manja a mzamba akanachita. Mayiyo anafunika kufika kuno msanga, kumene kunali dokotala wa opaleshoni. Galimoto tinali nayo imodzi yokha, landirova yobiriwira, woyendetsa wake Yoswa. Tsiku limenelo Yoswa anayenera kunyamuka hafu pasiti seveni kupita ku Lilongwe kukatenga mankhwala.

Tabita anathamangira pa lamya nthawi itangopitirira seveni koloko. Ponyamula, anapeza msonkhano wayamba kale, ine ndikulankhula. Mukudziwa nkhani imene ndinali nayo m'mawa umenewo? Machubu a njinga. Ndinkafotokoza kuti anthu sakusamala njinga za chipatala, akuzisiya padzuwa, akukwezapo matumba a chimanga. Ndinali nditakonzekera bwino, mawu ankatuluka okoma, ndipo ine ndinkadzimva kukoma kwake.

Taganizani mtsikana uja. Kuchipinda mayi akubuula. Kukhutu kwake munthu wamkulu amene anamuchititsa manyazi sabata yathayo akulankhula osapumira. Kupukusa belu pakati pa msonkhano kunali koletsedwa, chifukwa kunkaboola makutu a onse. Kundidula mawu, ndinali nditamuletsa ndekha. Ndiye anachita chimene mwana woleredwa bwino amachita akafika pakhomo pa akulu. Anati, "Odi."

Ndinamva. Pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu, ndinamva. Kanali kamawu kakang'ono, kakutali, kodutsa m'mapiri onse aja. Ine ndinayesa kuti ndi munthu wina waima pakhomo pa ofesi ya mnzathu wina, mawu ake angolowa mu lamya. Ndani anamvapo munthu akuodira pa waya? Ndinapitiriza za machubu. Patapita kanthawi kanabweranso, "Odi, bambo." Ine ndinati, "Amene akuodira pakhomoyo muuzeni adikire panja, tili pamsonkhano." Anzanga anaseka. Inenso ndinaseka.

Ndipo anadikira. Anandiuza pambuyo pake kuti ankasiya lamya ili lende, kuthamangira kwa Roza, kubwerera kudzamvera ngati nthawi yake yafika, kuthamangiranso. Ine ndinatha za machubu, a Kalebe analowa ndi za denga lodontha. Ndili chimvetsere za dengalo, ndinaona pawindo landirova ikutuluka pachipata icho, chomwecho mukuchionacho, Yoswa n'kundiimikira dzanja. Inenso ndinamuimikira dzanja.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana eyiti koloko ndinati, "Chabwino, tsopano Chigumukire, kuli chiyani kumeneko?" Tabita anayamba ndi kupepesa. Anati, "Pepani, bambo, ndinaodira kawiri. Kuno kuli mayi, mwana wagona mopingasa, ndikupempha galimoto."

Galimoto inali itapita mphindi khumi ndi zisanu zapitazo, ndipo panalibe njira yoiitanira. Tinayesa kupempha ambulansi ya kuboma, koma inali itapita kale kwina kukatenga wodwala wina. Chotsala chinali machira. Amuna asanu ndi atatu a ku Chigumukire anamunyamula Roza mosinthana, m'matope, kuwoloka mitsinje iwiri yodzaza, Tabita akuyenda pambali atagwira dzanja lake. Ananyamuka hafu pasiti eyiti, anafika pano cha m'ma fili koloko masana. Landirova ikanapita n'kubwera nawo isanakwane leveni.

Dokotala anachita zonse zimene akanatha. Roza anapulumuka. Mwana, wamwamuna, sanalire. Dokotala anati akanafika maola awiri m'mbuyomo, mwina bwenzi nkhani ili ina. Roza alipo mpaka lero, Mulungu anamupatsa ana ena anayi. Koma mukamufunsa kuti ana muli nawo angati, amati asanu, ndipo amayambira kuwerenga pa uja sanalireyo.

Nkhani ikanathera pamenepo, bwenzi ndikuti inali ngozi, munthu sanamvetse. Koma pali china, ndipo chimenechi ndi chimene chandibweretsa. Akuluakulu a mpingo anafuna lipoti la zimene zinachitika, ndipo wolemba lipoti anali wapampando wa msonkhano, ine. Ndinakhala patebulo, ndinatenga cholembera, ndinalemba kuti: mzamba wa ku Chigumukire anachedwa kupereka uthenga. Mawu asanu ndi awiri okha. Za odi sindinalembe. Za machubu sindinalembe. Za kumudzudzula kuja sindinalembe. Ndinadziuza kuti sindinaname, pakuti uthengawo unafikadi mochedwa. Anzanga amene anali pa waya sananene kanthu, chifukwa nawonso anaseka nawo. Tabita anaitanidwa, anadzudzulidwa, ndipo mwayi wa maphunziro apamwamba umene anayenera kupita chaka chimenecho unapatsidwa kwa wina. Sanadziteteze. Akanayamba bwanji, poti wamkulu walemba kale?

Anakhala ku Chigumukire zaka zina khumi ndi zisanu. Lachiwiri lililonse, mpaka pamene ndinapuma, ndinkamva mawu ake pa waya, "Mwadzuka bwanji, bambo," ndipo ine ndinkayankha ngati palibe kanthu. Chimene ndinasintha n'chimodzi: ndinasiya kulankhula motalika pamsonkhano, anzanga n'kumayesa ndayamba kudwala. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Msonkhano wanga unali nyumba yotero. Unali ndi wapampando, unali ndi ndondomeko, unali ndi ulemu wochuluka, koma khomo loti munthu wamavuto alowerepo panalibe.

Mlandu suwola. Kalata yanu itandipeza, ndinadziwa kuti sindingaime pano kulangiza ana za ulemu ndili ndi chimenechi pakhosi. Sabata yatha ndinakwera njinga kupita ku Chezi, kumene Mayi Nachisale akukhala chisiyire ntchito. Ndinafika pakhomo pawo, ndinaimika njinga. Ndinati, "Odi." Sanandidikiritse ngakhale pang'ono. Anati, "Odini, a Chikakuda, fikani." Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, ine n'kuwauza zonse zimene ndakuuzanizi, ndi za lipoti zomwe. Kenaka anati, "Bambo, ine zaka zonsezi ndimati wolakwa ndine. Ndimati ndikanangokuwa." Amayi ndi abambo, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi munthu akusenza mtolo wa mnzake. Ndinalira pamphasa paja, munthu wamkulu ndi imvi zanga, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Nditawapempha kuti ndidzanene nkhaniyi pagulu, anati, "Kaneneni, ana aphunzirepo. Koma musakatalikitse, ndimakudziwani." Mwamva tsono chifukwa chimene ndikuyesetsera.

Tsono ndilankhule ndi inu amene mukakhale pa wayilesizi, makamaka inu akuluakulu, chifukwa ana ulemu ali nawo kale, mwina mopitirira. Akatswiri andiuza chinthu chimene chandiopsa. Akuti pa wayilesiyi, ukatsina batani kuti ulankhule, sungamve munthu wina aliyense mpaka utalisiya. Lamya yathu yakale inali yabwinoko, kamawu ka Tabita kanatha kulowa ngakhale ine ndikulankhula. Iyi ayi. Chala chanu chikakhala pabatani, zipatala zisanu ndi chimodzi zatsekedwa pakamwa. Choncho nenani zanu mwachidule, nenani "ova" monga akuphunzitsirani, chotsani chala, ndipo muwerenge mumtima mpaka zisanu musanatsinenso. Kachetechete ameneyo musamuope, ndiye khomo lija.

Musayambe ndi wamkulu. Yambani ndi funso lakuti, kodi alipo amene ali ndi wodwala wosayembekeza? Machubu a njinga adzadikira, denga lodontha lidzadikira. Ndipo ngati wamng'ono walakwitsa, musamukalipire pa wayilesi mapiri onse akumva. Kwerani njinga, mupite, mukakambirane awiri. Manyazi amene mungamupatse lero ndi amene adzamutseke pakamwa tsiku limene mudzafune kuti akuwe.

A Tcheyamani, mwa ngodya zinayi zimene dziko lathu laimapo muli kumvera, ndipo ine ndimaikhulupirira ngodya imeneyo. Koma Chichewa chathu n'chanzeru. Liwu lomwelo limene timauza mwana kuti amvere akulu, ndi lomwenso timanena munthu akatchera khutu. Tabita anamvera, anachita mbali yake yonse. Amene sanamvere ndine.

Kwa inu ana anga, anamwino ndi azamba achitsikana amene mukakhale nokha kuseri kwa mapiri, ndikuti: moyo wa munthu ukakhala m'manja mwanu, palibe wamkulu woposa wodwalayo. Lowererani. Wina akakudzudzulani, mudzamuuze kuti a Chikakuda anatilola, apite akakangane nawo ku Msakambewa, nthawi ali nayo yambiri.

Ndapempha zinthu ziwiri kwa a Dokotala aakulu ndi Abusa, ndipo andivomera. Choyamba, pakhoma la chipinda chilichonse cha wayilesi palembedwe lamulo ili: munthu akati "odi" pa wayilesi, wina aliyense akhale chete, kaya ndi dokotala, kaya ndi mbusa, kaya ndi wapampando, ndipo yankho likhale limodzi lokha, "odini." Chachiwiri, lipoti langa la 1968 likadali m'kabati ya ofesi ino. Dzulo ndinalipeza, mapepala achita chikasu, koma dzanja ndi langa ndithu. Pansi pake ndalembapo mawu ena, ndasayina, Abusa achitira umboni. Ndalemba kuti: mzamba anapereka uthenga pa nthawi yake, kawiri, wapampando sanayankhe.

Mwambo umati mlendo wolemekezeka ndiye adule riboni ndi kukhala woyamba kulankhula pa chipangizo chatsopano. Riboni ndidula, poti lumo mwandipatsa kale. Koma pa waya ine ndinalankhula zokwanira moyo wanga wonse. Ku Chigumukire mzamba watsopano wakhala pafupi ndi wayilesi yake kuyambira m'mawa, akudikira kumva mawu oyamba ochokera kuno, ndipo mawu amenewo sakhala anga.

Mayi Nachisale, ndikupempha muimirire. Bwerani kutsogolo kuno, pang'onopang'ono, tikudikirani. Munadikira ine mphindi makumi anayi ndi zisanu, bwalo lino likhoza kudikira inu.

Mayi, m'mawa wa Lachiwiri lija munaodira kawiri, ine ndinati mudikire panja. Ndachedwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma ndikuyankha lero, pamaso pa mafumu, pamaso pa mpingo ndi pamaso pa boma. Odini, mayi. Lowani.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, ndi mawu amenewa, ndi mtima wopepukidwa, ndikulengeza kuti chipinda cha wayilesi zolankhulirana cha zipatala zathu za m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi chatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.